Wailesi Imene Ndidalanda Apongozi Anga

1968

Ana anga, za ubwana wanga ndizidumpha, chifukwa zidali ngati za mwana wina aliyense wa ku Lifidzi: kuweta mbuzi, kuzizidwa, kukwapulidwa ndi aphunzitsi. Ndiyambira pamene ndidayamba kudya za thukuta langa. Ndikudziwa kuti kumudzi kwa amayi anu mudamvapo anthu akunena kuti bambo wanu adalanda agogo anu mphatso imene adawapatsa yekha. Sankanama. Koma chifukwa chake sindidakuuzenipo, ndipo ndikufuna muchidziwe ndisanatsikire kuli chete.

Nditamaliza maphunziro a zamagetsi kwa ansembe, ndidalembedwa ntchito pa munda wochulukitsa mbewu ya kachewere kufupi ndi Domwe. Bwana wanga, patarau monga tinkanenera, adali Mpwitikizi, Senyolo Amadewu, munthu wamfupi wadazi, amene mkazi wake adatsalira ku Beira ati kuno n'kutchire. Ntchito yanga idali yosamala injini ya magetsi, mpope wa madzi ndi mabatire. Kumunda Senyolo adali wolusa ngati mavu, koma akalowa m'kachipinda kake ka wailesi ankasanduka munthu wina. Wailesi imeneyo sidali ya ntchito. Idali yomvera ndi kulankhulira pomwe, ndipo ankangoikonda monga ena amakondera agalu osakira. Tsiku lililonse ikakwana ola yachisanu madzulo ankakumana pamphepo ndi anzake okonda zomwezo, wina ku Tete, wina ku Beira, wina ku Kelimane. Masiku oyamba ndinkayesa kuti akambirana zazikulu. Ayi ndithu. "Ukundimva bwanji?" "Ndikukumva bwino, nanga iwe ukundimva bwanji?" Azibambo a ndevu zawo, tsiku ndi tsiku nkhani yake yomweyo. Ndinkaseka chamumtima, koma chaka chisanathe matendawo adandigwira nanenso.

Chimene adandiphunzitsa kwambiri ndi kumvetsera phokoso. Ankati phokoso lililonse lili ndi mwini wake, ndipo mmisiri weniweni salikwiyira, amalifunsa kwawo. Kukathetheka ngati chimanga chokazinga, ndiye kuti mphenzi ili kutali. Kukalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, timakala ta m'injini yathu tatha. Kukamagogoda tcha-tcha-tcha n'kuzimirira, ndi lole ikudutsa pamsewu wa ku Kalomwe. Zipangizo zinkasowa kwambiri. Valuvu, kababu kagalasi kamene kamakuza mawu, ikapsa, yatsopano inkatenga miyezi itatu kuchokera ku Beira, ndipo miyala ya tochi ndi mtovu wowotcherera ndinkakatenga ku Dedza pa njinga. N'chifukwa chake sitinkataya kanthu. Pansi pa tebulo padali bokosi la zipangizo zofooka ndi zakufa, ndipo Senyolo adandiloleza kutolamo chilichonse chophunzirira.

1970 mpaka 1971

Ndidakwatira amayi anu mu 1970 n'kukakhala chikamwini kumudzi kwawo, kuseri kwa chitunda, pafupi kwambiri ndi kuntchito. Inu a masiku ano mumaseka ndi apongozi anu mpaka kuwombana m'manja. Ife sizidali choncho. Agogo anu aNangozo, amene amuna awo adali atamwalira kale, sindinkawayang'ana kumaso. Tikakumana m'njira ine ndinkapatukira m'tchire, iwo ankatembenukira kumbali. Nyumba yawo sindinkaiponda ngakhale pakhonde. Mawu anga onse ankadzera mwa amayi anu, awonso chimodzimodzi. Sikudali kudana, udali ulemu, ndipo mayi amenewo ndidawakonda ngakhale kuti liwu lawo ndinkangolimvera kuseri kwa mpanda.

Mwana wawo wamwamuna adali mmodzi yekha, mlamu wanga Lusiyano, amalume anu amene simudawaone. Adali woyambitsa nyimbo m'kwaya ya kutchalitchi. Mu 1971, mwezi umene iwe Feliza udabadwa, adamanga thumba la kachewere pa njinga nati akukagulitsa ku Dedza. Njinga idabwera ndi munthu wina, mwini wake sadabwere. Aliyense adadziwa kuti wapita kwa ankhondo a ufulu, koma masiku amenewo kudziwa kudali mlandu, choncho tonse tinkangoti ali ku Dedza. Agogo anu adayamba kuwonda. Pofuna kuwachotsa maganizo, ndidatola valuvu imodzi yofooka m'bokosi lija, ndidakulunga waya pa kachidutswa ka nsungwi, n'kupanga kawailesi m'bokosi la sopo, komvera ndi zovala m'makutu. Ndinkafuna azimvera nyimbo za Mulungu za pa wailesi ya ku Malawi. Waya wa m'mwamba ndidaumanga ku mtengo wa bulugamu n'kuufikitsa m'mphepete mwa denga nditaima pabwalo, ndipo amayi anu ndiwo adaukokera m'nyumba.

Kawailesiko kadali ndi zopotokola ziwiri, china chosakira siteshoni, china chokwezera mphamvu. Mtundu umenewu uli ndi khalidwe loipa. Ukapotokola chachiwiricho mopitirira muyeso kamayamba kuimba mluzu, ndipo mluzuwo suthera m'makutu mwako, umatulukira pa waya n'kumamveka m'mawailesi a ena. Ndidafotokozera amayi anu bwinobwino kuti kakangoimba mluzu azibweza pang'ono. Iwo adakafotokozera agogo anu. Zimene zidafika, monga ndidamvera pambuyo pake, zidali zoti kakaimba mluzu ndiye kuti kagwira mphamvu. Mmisiri aliyense amakhala pansi ndi mwini chipangizo n'kuona m'mene dzanja lake likuchitira. Ine mwambo sudandilole, ndipo chaka chathunthu sindidaonepo kawailesi kanga kali m'manja mwa mwini wake.

Juni 1972

Mluzu udayamba m'nyengo yozizira. Senyolo ali mkati mocheza ndi wa ku Beira, kudabwera kulira kopyapyala kumene kudakwera, kumiza mawu onse, kutsika, kubweranso. Patatha theka la ola kudati zii. Mawa lake chimodzimodzi, ola yomweyo. Anzake aja adasangalala ngati agwera nyama, poti tsopano adapeza nkhani ina yoposa "ukundimva bwanji". Wa ku Tete adati ndi timakala ta m'injini, tidasintha. Wa ku Beira adati nthaka yauma, tithire madzi amchere pa chitsulo chokhomera pansi, ine ndidatunga ndowa zisanu ndi imodzi. Wa ku Kelimane adati ndi waya wa mpanda ukukhudzana ndi mtengo, tidazungulira munda wonse. Pomaliza tidazimitsa injini n'kuyatsa wailesi ndi mabatire okha. Mluzu udabwera ndithu. Pamenepo tidadziwa kuti mwini phokosoli sali m'nyumba mwathu.

Tsiku lachisanu ndidapempha kuti ndimvetsere ndekha. Phokoso la makina silikayika, likayamba layamba. Koma ili linkakayika. Linkakwera pang'ono, kuima, kupitirira, kubwerera pang'onopang'ono, ngati munthu wofufuza singano pamphasa. Lidali dzanja la munthu. Ndipo pamene lidakhazikika, pamwamba pang'ono pa malo amene Senyolo ankachezera, kunsi kwake ndidamva kaliwu kakutali kakulankhula Chinyanja. Idali wailesi ya ankhondo a ufulu youlutsa kuchokera kunja kwa dziko, imene boma lidaletsa kumvera. Ndidavula zam'makutuzo n'kuuza Senyolo kuti sindidazindikire kanthu.

Nditafika kunyumba ndidafunsa amayi anu, ndipo sadabise. Mayi wina wogulitsa nyemba ku Kalomwe adali atanong'oneza agogo anu kuti wailesi imeneyo imaika nyimbo zoimba anyamata a kutchire eni ake. Kuyambira pamenepo adasiya za ku Malawi, ankasaka liwu la Lusiyano. Siteshoniyo idali yakutali, n'chifukwa chake ankapotokola mpaka kumapeto. Ndidatumiza mawu oti mluzuwo ukumveka kwa mzungu, azibweza. Masiku awiri kudali bata, lachitatu udabweranso.

"Akuti akabweza sakumva kanthu," adatero amayi anu akuyang'ana pansi. "Akuti ndikufunseni, bambo a Feliza, kodi munthu asiye kufunafuna mwana wake chifukwa mzungu akusokonekera pocheza ndi anzake?"

"Nanga iweyo bwanji osangokachotsa kawailesiko mwakachetechete?" ndidafunsa.

"Amagona nako kumutu. Ine ndi mwana wawo, ndikalimbane nawo?"

Zolankhula pamphepo zilibe mpanda. Amene ankamvetsera macheza a Senyolo ndi anzake sadali anzakewo okha. Lachiwiri lotsatira kudafika jipi kuchokera ku Vila, kuboma kumene lero timati ku Ulongwe, mudatuluka mzungu wa nsapato zopukuta, wosavala za usilikali. Tonse tinkawadziwa anthu otere, apolisi achinsinsi. Ine ndidali pakhonde ndikupukuta mabatire, ndipo ndidamva zonse.

"Senyolo Amadewu, tamva kuti muli ndi mluzu wosunga nthawi," adatero mwaulemu. "Makina owonongeka sasunga nthawi. Pali wina pafupi pano amene akutumiza zizindikiro kutchire. Inu ndinu katswiri, tipezereni kumene ukuchokera. Ndibwera Lachisanu ndi asilikali."

Simudaone masiku amenewo, ana anga, choncho ndinene poyera. Mudzi ukaganiziridwa kuti ukuthandiza a kutchire, nyumba zinkaotchedwa, nkhokwe zinkaotchedwa, amuna ankakwezedwa m'lole ndipo ambiri sankabwerera. Palibe akadakhulupirira kuti waya wautali ndi bokosi loimba mluzu ndi za mayi wamasiye amene akusaka mwana wake. Ndipo akadafunsa amene adapanga, mudzi wonse unkamudziwa.

Lachitatu Senyolo adapanga mkombero wa waya pa timitengo topingasa n'kuulumikiza ku wailesi yonyamula. Ukamautembenuza, pamene mluzu wazimirira pamakuonetsa mzere umene ukuchokera. Ndidaunyamula ndine. Ola itakwana tidaima pabwalo, ndidatembenuza, ndipo mzere udaloza pa chitunda chathu chenicheni. Mwayi wanga udali umodzi: mkombero umaonetsa mzere, koma sunena ngati phokoso lili kutsogolo kapena kumbuyo kwako.

"Ndi kumbuyoku, Senyolo, kumalire," ndidatero. "Kutsogoloku kuli azimayi ndi mbuzi basi."

"Mwina," adayankha. "Mawa tikayezera pamsewu. Pamene mizere iwiri ikumane, mwini wake ali pomwepo."

Lachinayi masana ndidanama kuti mutu ukundiwawa, ndidapita kumudzi. Amayi anu adali kudimba. Ndidaima pakhomo pa agogo anu nthawi yaitali. Ndidati odi. Palibe adayankha, chifukwa odi wa mkamwini pakhomo limenelo sadamvekepo. Ndidalowa. Adali pamphasa akusankha nyemba m'lichero. Atandiona adakoka nsalu n'kufunda kumutu, natembenukira kukhoma. Ndidagwada.

"Amayi, ndalakwa, ndikudziwa. Mawa kubwera asilikali. Madzulo ano mluzu ukamveka, mudzi uno watha. Ndadzatenga kawailesi."

Sadandiyankhe ine. Adalankhula ndi mzati wa nyumba, mawu ali pansipansi. "Mzati iwe, uwauze alendowa kuti ndamva. Uwauze andisiyire lero lokha. Ndimvereko lero lokha, mawa adzatenge."

Lero lomwelo ndilo silikadatheka. Ndidakwawa ndi maondo mpaka kumutu kwa mphasa yawo yogonera, ndidavundukula kansalu kamene adakavindikira nako, ndidadula waya ndi pulayala. Sadandigwire, sadakuwe. Kulira kwawo ndidakumva nditatuluka kale, ndikukoka waya ku bulugamu. Azimayi amene ankasinja pamtondo adasiya misi ili m'mwamba, akuona mkamwini akutuluka m'nyumba ya apongozi ake atakumbatira bokosi. Pa moyo wanga wonse sindidachitepo manyazi ngati tsiku limenelo.

Bokosi la sopo ndi nsungwi ndidaziotcha kuseri kwa nyumba ya injini, valuvu ndidaibwezera m'bokosi la pansi pa tebulo. Ola yachisanu tidaima pamsewu ndi mkombero wathu. Kudali zii. Tidadikira theka la ola, mphepo ya Juni ikutilasa, Senyolo akungondiyang'ana. Titabwerera adakoka bokosi lija, natola valuvu imene adali asanaione chaka chathunthu, naiyang'anitsitsa pa windo, naibwezera. Lachisanu adauza wa nsapato zopukuta uja kuti vuto lidali m'wailesi yake yomwe, valuvu yofooka, ndipo akuchita manyazi kuti adavutitsa boma. Munthuyo sadakhutire. Asilikali adapita ndithu kumudzi, adagudubuza mitsuko, adabaya madenga, koma sadapeze kanthu, ndipo sadatenge munthu. Senyolo sadandifunsepo za nkhaniyi mpaka tsiku limene tidasiyana.

Kumudzi mlandu udandipeza. Amalume a amayi anu, eni mbumba, adandiitanitsa pabwalo kuti ndinene chimene chidandilowetsa m'nyumba ija. Sindikadanena, chifukwa makutu a boma adali pakati pathu pomwepo. Ndidangoti ndidalakwa. "Mkamwini asamakule mwendo," adatero, ndipo ndidalipira mbuzi. Agogo anu nawonso sadaulule kanthu, koma kuyambira pamenepo palibe mawu awo amene adadzeranso mwa amayi anu kubwera kwa ine, ngakhale moni.

Tsopano ndilembe chimene ngakhale amayi anu sadachidziwe nthawi imeneyo. Mwezi wotsatira, Senyolo atapita ku Vila, ndinkayesa wailesi yaikulu nditaikonza. Dzanja lidandinyenga, ndidapotokolera pa siteshoni ija. Anyamata ankaimba nyimbo yolira kwawo, yotchula mapiri ndi minda imene adasiya, ndipo woyambitsa adali Lusiyano. Sindikadamusokoneza ndi wina. Ndidamvera mpaka idatha, ndidazimitsa, ndidakhala pansi n'kulira. Padali patapita masabata atatu okha chichotsereni kawailesi. Sindidauze munthu, chifukwa ndinkadziwa kuti agogo anu akamva adzayenda mudzi ndi mudzi kusaka wailesi ina, ndipo ulendo uno sitidzapulumuka. Nyimboyo ndidaisunga ndekha zaka zitatu.

1975

Senyolo Amadewu adachoka ufulu usanafike. Adandisiyira bokosi la zida zake, ndipo ndi zimenezo ndidakonzera mawailesi ku Ulongwe mpaka ndidapuma. Ufulu utabwera anyamata adayamba kubwerera m'midzi, wina lero, wina mawa. Agogo anu ankakhala pakhonde kuyang'ana njira. Mu Ogasiti kudafika mwamuna wotsimphina wa kudera lina, amene adali limodzi ndi Lusiyano, kudzanena maliro. Adati adamwalira mu 1973 atavulala, ndipo adamuika yekha ndi manja ake. Anthu adasonkhana pabwalo. Ine ndidakhala patali pafupi ndi nkhokwe, monga mwa malo anga.

Kulira kutachepa, mlendoyo adafuna kutonthoza. "Mayi, chimodzi chokha chikulimbitseni mtima. Mwana wanu mudamumva. Nyimbo zake zidajambulidwa, zinkaikidwa pa wailesi kawirikawiri chaka chija cha 1972. Uthenga udamupeza woti alamu ake adakupangirani wailesi, ndiye ankanyada, ankati, amayi akundimva, ndiimbe mokweza."

Pabwalopo aliyense ankadziwa kuti wailesiyo ndidailanda ndine, ndipo palibe adayang'ana kumene ndidakhala. Kenako agogo anu adadzuka. Adadutsa pakati pa anthu, osafunda kumutu, adafika pamene ndidali n'kundiyang'ana m'maso. Kadali koyamba kuona nkhope yawo pafupi, patatha zaka zisanu ndili pamudzipo.

"Bambo a Feliza," adatero, "inu mumadziwa za mphepo. Mawu a mwana wangawo adafika kuno?"

Bodza lidali pafupi. Ndikadatha kunena kuti kudali kutali, kawailesi kaja sikakadawagwira, ndipo palibe akadanditsutsa. Ndidagwada.

"Adafika, amayi. Ankadutsa pa denga lanu. Ine ndidawamva kamodzi, pa wailesi ya mzungu, ndipo ndidakubisirani."

Amayi anu adagwira pakamwa. Amalume aja adayamba kudzuka, koma agogo anu adawaletsa ndi dzanja. Adakhala pansi pa dothi, patsogolo panga penipeni, nakonza nsalu yawo pamaondo.

"Ankaimba yanji?"

"Yolira kwawo, amayi."

"Imbani."

Liwu langa mukulidziwa, ndi la munthu wozolowera kulankhula ndi injini. Ndidaimba choncho, mawu akuduka, mudzi wonse ukumvera, kuyambira poyamba mpaka pothera, osadumpha ngakhale liwu limodzi. Agogo anu adatsinzina, mutu ataupendeketsa, dzanja lamanja likuyenda pang'onopang'ono pabondo. Ndidamaliza maso awo ali chitsinzinire.

"Imbaninso," adatero.